Maso Anga, Miyendo ya Atate

Ndikukumbukira chaka chimene maso a atate anazima. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kamtsikana kowonda ngati bango, kodziwika mudzi wonse chifukwa cha pakamwa. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kumtunda kwa Lifidzi, kumene chisanu chimang'amba milomo ndipo mapichesi amagwa okha posowa owadya. Nkhondo inali itatipeza kale, koma masiku amenewo inkabwera n'kumapita. Sabata ina tinkagona m'nyumba, sabata ina m'chigwa, kenako kunkakhala zii kwa miyezi, anthu n'kubwerera kumakasu awo. Magalimoto akuluakulu onyamula katundu, amene ife timati makamiyawu, anali atasiya kuyenda. M'maloja, m'masitolo muja, munalibe ngakhale singano. Choncho maso a atate atayamba kufiira, kenako kuchita nkhungu, panalibe ndi dontho lomwe la mankhwala loti n'kuthiramo. Pofika nyengo yokumba kachewere, anali akungosiyanitsa kuwala ndi mdima basi.

Asanadwale, atate anali munthu wa njinga. Ankanyamula kachewere ndi nyemba kupita nazo ku Kalomwe, pafuruntera, pamalire pamene dziko lathu limagundana ndi Dedza, n'kubwerako ndi mchere, sabawu, sopo wochapira uja, ndi mafuta a nyali. Akatumba a miyendo yawo anali ngati timaungu, ndipo ife ana tinkapikisana kuwatsina, zala n'kumangoterereka. Tsono munthu wotereyo kumuona atakhala pakhonde tsiku lonse, akupota chingwe chimene palibe anachipempha, zinkandipweteka kwambiri. Anthu ankabwera kudzawazonda n'kumalankhula motsitsa mawu ngati afika pasiwa. Atate ankayankha mwaulemu, alendo akapita n'kuusa moyo.

Mwini mbumba yathu anali atsibweni, a Fulujensiyo, mlongo wawo wa amayi. Ndisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene nkhondo inamusenzetsa makomo angapo a alongo ake pamutu. Tsiku lina ndikutongola chimanga kuseri kwa nkhokwe, ndinawamva akulankhula ndi amayi.

"Mlongo wanga, ine ndayesetsa. Alamuwa ndi munthu wabwino, koma ubwino sitidya. Kwawo ku Domwe kuli abale awo, akawasunge iwowo. Mvula isanagwe ndikawatule."

"Nanga anawa?" anafunsa amayi.

"Ana ndi a pano. Mwambo ukuudziwa."

Pachikamwini ndi momwemo: mwamuna amabwera yekha, ndipo akamachoka amachokanso yekha. Akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu sankafuna kuterereka, ankachita kukankhidwa. Kwa ine Domwe kunali kumathero a dziko, ndipo masiku a nkhondo amenewo munthu akapita kutali sunkadziwa ngati udzamuonanso. Ndinathamanga kukawauza atate zonse osasiyako ndi liwu limodzi lomwe, pakuti chinsinsi m'mimba mwanga sichinkagonamo.

Atate anaika chingwe pansi. Kenako anandiitana pachiwongo, monga ankachitira nthawi zonse.

"Nambewe, uja amatulutsa njinga yanga masana amako ali kudimba, n'kumazungulira nayo kuseri kwa khola, ndani?"

Njingayo inkabisidwa pansi pa mapesi, chifukwa anthu a mfuti, a mbali iyi kaya iyo, akaiona inali yawo. Ine ndinkaganiza kuti palibe akudziwa za masewera angawo. Ndinayankha kuti mwina ndi mbuzi.

"Mbuzi imeneyo imakhota bwino, ndaimva, siigwa kawirikawiri," anatero atate, ndipo ndinaona mano awo koyamba patapita miyezi. "Kaitenge. Iwe uli ndi maso, ine ndili ndi miyendo. Tikaphatikiza patuluka munthu mmodzi wathunthu."

Tinayambira pabwalo la shikola, sukulu yathu, popeza aphunzitsi anali atathawa ndipo bwalolo linali litasanduka la mbuzi. Atate anayamba aipapasa njinga yonse ndi zala, sipoko ndi sipoko, n'kupaka mafuta a nsatsi patcheni. Ine anandikhazika chammbali pachitsulo chapakati, manja anga atagwira pakati pa handulo, awo kunsonga. Tsiku loyamba tinagunda chulu. Mawa lake tinalowa m'munda wa mpiru wa eni ake, mwini munda n'kutuluka ndi mthiko m'manja, koma ataona amene wagweramo anangokhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ana a mudzi wonse ankatithamangira pambuyo akukuwa ngati aona gule. Amayi ankabisa nkhope m'chitenje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Pang'ono ndi pang'ono tinayamba kumvana. Kumanja ndi kumanzere ndinkasokoneza, choncho atate anati ndizisiye zimenezo, manja anga akakoka iwo azimva n'kutsatira. Pakamwa panga anapapatsa ntchito ina, yonena zimene zili kutsogolo: dzenje, mchenga, galu wagona panjira, mayi wasenza mtolo. Kulongolola kwanga, kumene ndinkakalipidwa nako tsiku ndi tsiku, kunapeza poti n'kugwira. Ndipo atate anasintha. Mphepo ikawomba kumaso kwawo ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokuwa, mawu osalongosoka, ine n'kumaliza belu popanda chifukwa.

"Pansi ndine wakhungu," anandiuza tsiku lina tikupuma. "Phazi lililonse limayamba lafunsa. Koma papedulo phazi limadziwa kumene likupita."

Vuto linali njira. Msewu waukulu umene atate ankaudziwa mwala ndi mwala, anthu anali atausiya poopa mabomba okwirira. Anjinga onse ankadzera msewu wakale wa ngolo umene unkakwera phiri, ndipo atate anali asanaupondepo. Chikweza chake ankachitcha Mtsitsa, chifukwa chinkatsitsa aliyense panjinga. Amuna amphamvu zawo ankakankha kuyambira pamtsinje mpaka pamwamba. Koma kwa ife kukankha sikunkatheka. Tinayesa pakachitunda ka kumudzi, atate n'kumapunthwa pamwala uliwonse, njinga yolemera n'kumandigwera ine. Pa liwiro limenelo tikanafika ku Kalomwe dzuwa litapendeka, chonsecho madzulo msewu unali wa eni mfuti. Tinkayenera kukwera Mtsitsa titakhala panjinga, apo ayi osapita n'komwe.

Tinanyamuka m'mawa wina udzu utayera ndi chisanu, theka la thumba la kachewere litamangidwa pakaliyala. Kuchigwa kunali kokoma. Tinkawapitirira anjinga anzathu, iwo n'kumatsala kukamwa kuli yasa, ena akuchita chizindikiro cha mtanda. Titawoloka mtsinje, msewu unadzuka n'kuima patsogolo pathu.

"Chitunda sachilunjika," anatero atate. "Umachidula mopingasa, uku ndi uku, monga ichitira ng'ombe yokoka ngolo. Koma usandipondetse kuudzu. Pita mmene mwadutsa matayala a ena."

Tinayamba kukhotakhota, m'mphepete umu, m'mphepete umo. Tcheni chinkalira, chishalo chinkalira, ndipo posakhalitsa chifuwa cha atate chinayambanso kulira kumsana kwanga. Thukuta lawo linkandigwera pakhosi. Miyezi yokhala pakhonde ija inali itawadya mpweya. Kenako anafunsa, mawu akuduka: "Kwatsala bwanji?"

Apa ndiyenera kufotokoza za ife anthu a kumtunda kuno. Mlendo akatifunsa njira, timaloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi pompa apa, ngakhale tikudziwa kuti ayenda mpaka nsapato zimulume. Sitiyesa bodza limenelo. Timati tikumulimbitsa mtima, tikumvera chisoni miyendo yake. Ine ndinakulira m'mawu amenewo, ndipo anatuluka okha. Ndinayang'ana kumtunda, ndinaona msewu ukukwerabe mpaka kukasowa m'miyala, ndipo ndinati, "Ndi pompa apa, atate. Tafika."

Atamva choncho anaimirira pamapedulo n'kutulutsa mphamvu zonse. Njinga inalumpha ngati mwana wa ng'ombe. Ine mtima unadzaza chimwemwe poona kuti mawu anga agwira ntchito. Titakhota kangapo anafunsanso, ine n'kubwereza zomwezo, iwo n'kuimiriranso. Pamene ankafunsa kachitatu, mawu sanatuluke, unangotuluka mpweya. Mapedulo anaima pakati, njinga inaganiza pang'ono, kenako inagona chammbali ndi ife tomwe.

Thumba linaphulika. Kachewere anayamba ulendo wobwerera kwawo, akudumphadumpha kutsetsereka ndi msewu, ndipo anjinga amene ankakankha m'munsimu anasiya njinga zawo n'kumamuwakha ndi zipewa. Panali phwete ndithu, ndipo lero ndikakumbukira ndimaseka nawo. Koma tsikulo sindinaseke. Atate anali chigonere chagada, bondo likutuluka magazi, chifuwa chikukwera n'kutsika. Atapeza mpweya anakhala tsonga n'kundifufuza ndi dzanja mpaka anandigwira phewa.

"Nambewe, pamene unati tafika paja, unkaona chiyani?"

"Ndinkaona chitunda, atate."

"Chambiri?"

"Chambiri."

"Nanga unaneneranji kuti tafika?"

Ndinayamba kulira. Ndinati ndinamva chifuwa chawo ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangopukusa mutu, akumwetulira pang'ono.

"Mwana wanga, mpweya wa munthu wokwera phiri uli ngati ufa wa chaka cha njala. Ukamuuza mayi kuti mawa tikolola, aphika wonse lero. Iwe unandiphikitsa wonse, phiri lidakalipo." Anapukuta bondo ndi masamba, kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Chisoni ndachidya chokwanira pakhonde paja. Kwa iwe ndikufuna maso."

Dzuwa linali litakwera kale, ndipo miyendo ya atate inkanjenjemera. Tinabwerera kumudzi ndi kachewere wosupuka, womangidwa m'malaya ndi m'chitenje changa. Mbiri inatitsogolera, monga ichitira mbiri yoipa. Tinapeza atsibweni atakhala pabwalo pathu, chipewa chili pabondo.

"Alamu, mwaona tsono? Mukanandiphera mwana. Masewera athe. Loweruka ndikukuperekezani ku Domwe."

Amayi anaima pakhomo ngati mtengo. Atate anavula chipewa, pakuti mkamwini salankhula ndi mwini mbumba chipewa chili kumutu.

"Ndamva, alamu. Koma ndamvanso kuti Lachisanu mukupita ndi nyemba zanu kufuruntera. Tiloleni tiyendere limodzi. Mukatipeza tagwa pa Mtsitsa, simudzachita kundiuza kawiri, katundu wanga ndidzamanga ndekha."

Atsibweni anayang'ana amayi, anayang'ana ine, anatembenuza chipewa chawo kangapo. Ndikuganiza kuti anavomera pongofuna kuti pasadzakhale wonena kuti anathamangitsa munthu osamumvera. Anati chabwino, Lachisanu, koma likhale lomaliza.

Masiku apakatiwo amayi sanalankhule zambiri. Mlongo wawo sakanamutsutsa poyera, popeza ndi amene ankatilimira mbali ya munda. Koma anasoka thumba lija ndi luzi, msoko pamwamba pa msoko, ndipo anapinda chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuchikulunga pachitsulo pamene ndinkakhala, kuti ndisamamve kuwawa. Pochimanga anandinong'oneza kuti, "Ukawabweretse atate ako." Mawu amenewo anandilemera kuposa thumba la kachewere.

Lachisanu atsibweni anatsogola ndi njinga yobwereka, nyemba zili pambuyo, n'kunena kuti tiwapeza pamwamba ngati tifikeko. Ife tinawoloka mtsinje kunja kutayera, nkhungu ikadali m'chigwa. Tinayamba kudula chitunda chathu mopingasa. Pamene chifuwa cha atate chinayamba kulira, ndinadziwa kuti funso lija likubwera, ndipo mawu akale aja anali atafika kale pamlomo. Ndinawameza.

"Kwatsala bwanji?"

"Kudakali kutali, atate. Takwera pang'ono chabe. Choopsa chili kutsogolo."

Kunena zimenezo kwa munthu amene akupuma ngati mvukuto kumsana kwako kunandiwawa ngati ndawamenya. Koma iwo anangoti, "Eyaa, ndiye nkhani imeneyo," n'kukhazikika bwino pachishalo. Anachepetsa liwiro mpaka nkhuku ikanatipitirira. Mwendo uwu, mpweya, mwendo uwo, mpweya. Njinga inkayenda pang'onopang'ono moti ndinkaona nyerere zikuwoloka msewu, ndipo manja anga ankachita ntchito yaikulu kuti tisagwe. Tinadutsa pamene tinagwera paja, pomwe panali patatsala kachewere mmodzi wophwanyika, ndipo ndinawauzanso zimenezo. Anaseka ndi mphuno, pakuti mpweya wosekera pakamwa analibe.

Kuyambira pamenepo ndinawapatsa phiri lonse monga linalili. Ndikaona pogona pang'ono ndinkati, "Pakubwera pafulati, pafupi ngati kuchoka pakhomo kufika pankhokwe," iwo n'kupumitsa miyendo njinga ikuyenda. Ndikaona miyala ndinkati miyala. Panali malo ena pamene msewu unkaoneka ngati wathera kumwamba, mtambo uli pomwepo, ndipo mtima wanga unafuna kukuwa kuti tafika. Ndinadikira mpaka ndinasuzumira kuseri, ndipo ndinapeza kuti phirilo linali kutinamiza.

"Apa pakuoneka ngati pamwamba, atate, koma sipamwamba. Kuseri kuli china."

"Chachikulu?"

"Chachikulu kuposa ichi. Chili ndi makona awiri, ndiye chomaliza chowongoka."

"Zikomo, Nambewe," anatero. Munthu kundithokoza chifukwa cha uthenga woipa, zinandidabwitsa.

Pakona yoyamba tinayamba kupeza okankha. Amuna ankapatuka n'kuima, njinga zitatsamira m'chiuno. Pakona yachiwiri ndinaona chipewa chimene ndinkachidziwa. Atsibweni anali ataweramira handulo, malaya atanyowa, akukankha nyemba zawo ngati akukankha nyumba.

"Atsibweni ali kutsogoloku," ndinanong'ona.

"Usandiuze za atsibweni ako. Ndiuze za phiri."

Ndinayang'ana. Kona ikatha, msewu unkawongoka n'kukwera pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, ndipo pakati pa miyalayo sindinkaona dothi linanso, koma thambo lokha ndi mitu ya anthu amene anali atakhala pansi kupuma. Ndinayang'anitsitsa kawiri kuti ndisanamizidwe.

"Tikakhota apa, chatsala chowongoka chokha. N'chachifupi, koma chaima kwambiri, ndipo n'chopapatiza, sitingapingase. Pamwamba pake ndiye pamwamba penipeni. Ndikuona anthu atakhala."

"Zoona?"

"Zoona, atate. Phikani wonse."

Anaimirira. Handulo inagwedezeka m'manja mwanga, tcheni chinalira ngati chiduka, ndipo ndinamva kubuula kochokera pansi pa mimba yawo. Tinawapitirira atsibweni pafupi moti ndikanatha kuwavula chipewa. Iwo anadzutsa mutu, maso ali tong'o. Pakati pa chikwezacho njinga inatsala pang'ono kuima, pedulo ili pamwamba osafuna kutsika, tayala lakutsogolo likusakasaka kogwera. Pamenepo ndinamva chinthu chikugwa kumbuyo kwathu, kenako mapazi, kenako mawu aakulu aja amene mudzi wonse unkawaopa.

"Tchovani, alamu! Tchovani! Musandichititse manyazi pamaso pa anthu! Iwe mwana, gwira bwino!"

Atsibweni anali atataya njinga yawo ndi nyemba zomwe pakati pa msewu, ndipo ankathamanga pambali pathu ndi timiyendo tawo tatifupi, chipewa chili m'manja, akukupiza ngati akuthamangitsa ng'ombe. Sanatikhudze. Anthu a pamwamba aja anaimirira n'kuyamba kukuwa nawo, mayi wina wogulitsa thobwa n'kuyimba nthungululu. Pedulo ija inatsika. Inatsikanso inzake. Kenako ndinamva njinga ikupepuka pansi panga, mphepo yozizira ya tsidya lina n'kutiwomba kumaso.

"Tafika," ndinatero, ndipo ulendo uno mawuwo anali olemera bwino mkamwa.

Atate anatsitsa phazi pansi, n'kugoneka mutu wawo pamsana panga. Thupi lawo lonse linkagwedezeka, ndipo ndinachita mantha kuti akomoka, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndinaseka mpaka kulira, anthu osatidziwa n'kumabwera kudzagwira atate chanza ndi kutsina akatumba awo. Mayi wa thobwa uja anatipatsa chikho chodzaza n'kukana kulandira kanthu. Atamwa, atate anandiuza kuti ndiwafotokozere zimene ndikuona. Ndinawauza za phiri la Dedza litavala mtambo, za malata a ku Kalomwe akuphethira ndi dzuwa, za minda ya kachewere yotambalala m'munsi, ndi za msewu wathu wokhotakhota umene unkaoneka ngati ulusi. Ankangogwedeza mutu, maso oyera aja ali kumene kunkachokera mphepo.

Atsibweni anachita kubwerera kukatola njinga yawo. Anafika pamwamba mochedwa, ali wefuwefu, nyemba zina zili m'matumba a malaya. Anakhala pamwala, anamwa thobwa lotsala, n'kupukuta kumaso.

"Alamu," anatero potsiriza, "nyembazi kunyumba zatsala zambiri. Ine msana wangawu si wa njinga."

Atate anavula chipewa. "Nanga za Loweruka, alamu?"

"Loweruka lake liti? Loweruka muli ndi katundu wanga. Mukufuna nyemba zanga zifumbwe?"

Nkhani ya ku Domwe inathera pamwala pomwepo, ndipo sinatchulidwenso. Ku Kalomwe tinasinthitsa kachewere wathu ndi mchere ndi mtanda wa sabawu, atate n'kundigulira bumbu la buledi woyera limene ndinalidya pang'onopang'ono kuti anthu alione. Pobwerera, potsika Mtsitsa, atate anakanikiza mabuleki onse, chidendene chikukhukhuluza pansi, ine ndikukuwa maenje ndi miyala mpaka mawu anasasa. Amayi anationera patali. Anangoyang'ana nkhope ya mlongo wawo, n'kulandira sabawu uja n'kumununkhiza, kenako anayamba kuvina pabwalo ndi mtanda wa sabawu m'manja, mayi wamkulu wa ana ake.

Tinakwera Mtsitsa nyengo imeneyo yonse ndi ina yotsatira, mpaka nkhondo inakula n'kutisamutsa mudzi wonse kupita tsidya la Dedza, kumene tinakhala zaka tisanabwerere. Sikuti masiku onse tinkafika pamwamba osagwa. Tinagwa kangapo, koma sitinagwenso chifukwa cha pakamwa panga.

Lero ndine mayi wa imvi, ndipo ndakhala ndi anthu ambiri amene anali pakati pa zitunda zawo: odwala, amasiye, ana anga omwe pamene zinthu zinawavuta. Mawu akuti ndi pompa apa amabwerabe pamlomo, chifukwa ndi okoma kunena ndipo amapeputsa mtima wa wonenayo. Koma ndinazindikira kuti kumubisira munthu kutalika kwa chitunda n'kumuyesa wochepa, ngati kuti sangathe kugawa yekha mphamvu zake. Tonse tinkawachitira atate zimenezo, alendo a pakhonde ndi mawu awo otsitsa, atsibweni ndi Domwe wawo, ine ndi tafika wanga. Tinkawakonda, koma tinali titasiya kuwawerengera ngati munthu woti n'kumuuza zoona. Atauzidwa zoona anakwera.

Atate anamwalira atakalamba, nkhondo itatha kale, m'mudzi womwe uja wa amayi. Abale awo anabwera kuchokera ku Domwe kudzatenga maliro kuti akaike kwawo, monga uchitira mwambo ndi mkamwini. Atsibweni, amene panthawiyo ankayenda ndi ndodo ndipo mawu awo aakulu anali atachepa, anawalandira bwino, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaimirira movutikira.

"Mwayenda ulendo wautali, ndipo tikuthokoza," anatero. "Koma munthuyu simupita naye. Uyu ndi wa pano."